Kuchoka pa njinga ya mu jimu kupita pamsewu: popalasa ndi poisiya pa fili

Munthu amene watha miyezi akutchova njinga ya mu jimu amafika pamsewu ali ndi mpweya wokwanira komanso ntchafu zolimba, koma pali chinthu chimodzi chimene njinga ija sinamuphunzitse, chomwe ndi kusankha nthawi yopalasa ndi nthawi yoleka. Njinga zambiri za mu jimu zili ndi gudumu lachitsulo lolemera makilogalamu 15 mpaka 20, ndipo pa zambiri mwa izo gudumulo ndi lolumikizidwa ndi mapedulo mosalekana. Likamazungulira, mapedulo nawo amazungulira, mufune musafune. Njinga ya pamsewu ili ndi fuliwilo ku habu ya kumbuyo. M'kati mwake muli timano ting'onoting'ono tokankhidwa ndi sipuling'i. Mukaponda, timanoto timakola n'kukoka tayala. Mukaleka kuponda, timangolumphalumpha n'kumalira kuti tiki-tiki-tiki, tayala likupitirira lokha. Apa mpamene anthu amati njinga ili pa fili.

Ongoyamba kumene amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena miyendo yawo sidziwa kuima, ndiye amapalasa paliponse, pokhota ndi pa mahampu pomwe, mpaka pedulo kugunda phula. Ena akangolawa kukoma kwa fili amayamba kaponde ka katatu-kanayi n'kupuma, katatu-kanayi n'kupuma, ndipo amadabwa kuti akutopa msanga pomwe liwiro lili lochepa. Lamulo lothandiza ndi ili: miyendo izizungulira nthawi zonse, ndipo muziimitsa pokhapokha pali chifukwa chimene mungachitchule. Zifukwazo n'zowerengeka: pokhota pothina, pa bampu kapena dzenje, pogwira mabuleki, ndi pamtsetse pamene liwiro lapitirira giya yanu yaikulu.

Choyamba: onani njinga isanatuluke pakhomo

Nyamulani tayala la kumbuyo, zunguzani pedulo ndi dzanja mpaka tayala lithamange, kenako siyani. Mapedulo ayenera kuima, tayala n'kumazungulirabe. Ngati mapedulo akutsatira tayala, kapena tcheni cha pamwamba chikulendewera n'kumagunda fulemu, fuliwilo yauma kapena yadzaza fumbi. Njinga yotero imakankha mapazi anu panthawi imene mukufuna kuti aime, ndipo ikhoza kugwetsa tcheni. Vuto linanso ndi lakuti mukaponda, pedulo imapita pachabe kaye isanakole. Zimenezi zimachitika timano tija tikamatirira chifukwa cha girisi wolimba kapena dzimbiri, ndipo tsiku lina tidzakana kukola muli chiimire pa mapedulo. Mafuta opepuka angapo odonthezedwa pampata wa fuliwilo, mukuzunguza, nthawi zambiri amamasula timanoto. Zikakanika sinthani fuliwiloyo, musayende nayo.

Dziwani buleki ya kutsogolo ili ku dzanja liti. Njinga zochokera ku mayiko oyenda kumanzere, monga Britain ndi Japan, kawirikawiri buleki ya kutsogolo imakhala ku dzanja lamanja, pomwe zochokera ku America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere. Njinga za kaunjika zimabwera zosakanikirana, choncho musaganizire. Finyani, kankhani njinga, muone tayala limene laima. Palinso njinga zina zimene buleki yake ili m'habu ya kumbuyo, yogwira mukapondera pedulo cham'mbuyo. Pa njinga yotere simungabwezere mapedulo m'mbuyo kuti muwaike pamalo ofunika, ndiye zonse zimene zikunenedwa m'munsimu za kaikidwe ka mapedulo muzizichita mwa kupalasa chamtsogolo.

Chishalo chikhale pamlingo wakuti mukaika chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke osapendeketsa chiuno. Mukabwezera phazi pamalo ake opalasira, bondo limatsala lopindika pang'ono. Okonda masamu ayeze mwendo kuchokera pansi kufika pamphechepeche, opanda nsapato, n'kuchulukitsa ndi 0.883. Yankho lake ndi mtunda wochokera pakati pa ekiselo ya mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Mwendo wa masentimita 80 umapereka pafupifupi masentimita 70.6. Mpweya wa m'matayala tsatirani manambala olembedwa m'mbali mwa tayala. Ndipo ngati mu jimu munazolowera nsapato zokola pa pedulo, masabata oyambirira ano gwiritsani ntchito mapedulo wamba. Kuphunzira kuima ndi kuphunzira kumasula phazi nthawi imodzi ndi kumene kumagwetsa anthu pa maloboti.

Chachiwiri: mphindi 30 pabwalo lopanda magalimoto

Pezani bwalo la mpira louma kapena malo oimikapo magalimoto Lamlungu m'mawa. Pali zinthu zitatu zoti thupi liphunzire, ndipo chilichonse chibwerezedwe kakhumi.

Kunyamuka. Imani njinga ili pakati pa miyendo, gwirani mabuleki, kwezani pedulo ya mwendo wanu wamphamvu ifike pamene pamakhala 2 koloko pa wotchi. Siyani mabuleki, pondani ndi thupi lonse, ndipo kukwera kwa thupiko kukufikitseni pa chishalo. Osayamba mwakhala kale pa chishalo n'kumatambasula zala za kuphazi kufuna pansi.

Kuyenda pa fili mapedulo ali mopingasa. Palasani mpaka liwiro la munthu wothamanga, kenako imitsani mapedulo imodzi ili kutsogolo, ina kumbuyo, zonse pamtunda wofanana kuchokera pansi, ngati 3 koloko ndi 9 koloko. Dzukani pang'ono pa chishalo, mawondo ndi zigongono zili zopindika. Phazi limene likubwera lokha kutsogolo ndilo lanu, lisiyeni likhale choncho. Kaimidwe kameneka ndi kamene mudzakagwiritse ntchito pa mahampu, m'maenje ndi pogwira mabuleki mwadzidzidzi. Apa mpofunika kumvetsa kuti fili si nthawi yogona. Munthu wopalasa amakhala wokhazikika chifukwa mapazi akukankha mapedulo. Akaleka, kulemera konse kumagwera pa chishalo ndi m'manja, njinga n'kuyamba kugwedezeka, pokhapokha ataikanso kulemerako pa mapazi mwadala.

Kuima. Pa njinga ya mu jimu mumaima mwa kuchepetsa kapalasidwe kapena kudinikiza kabatani kofiira koimitsira gudumu. Pamsewu miyendo ilibe mphamvu iliyonse yoimitsa njinga, ndipo anthu ena amadzidzimuka akayesa kubweza ndi miyendo n'kupeza mapedulo akungozungulira pachabe. Lekani kupalasa, finyani mabuleki onse awiri pang'onopang'ono ngati mukufinya ndimu, sunthirani matako cham'mbuyo, manja olimba pa handulo. Buleki ya kutsogolo ndi imene imaimitsa njinga kwenikweni, chifukwa poima kulemera kumathamangira ku tayala la kutsogolo. Ya kumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala. Anthu amaiopa ya kutsogolo poganiza kuti iwaponya, koma chimene chimaponya munthu ndi kuifinya mwamphamvu kamodzin'kamodzi thupi lili patsogolo ndi manja ofooka. Jambulani mzere pansi, muziyesa kuima tayala lili pamzerepo.

Chachitatu: msewu wathyathyathya, miyendo yosaima

Sankhani msewu wabata wa makilomita 5 mpaka 10, yendani kumanzere, pafupifupi mita imodzi kuchokera m'mphepete mwa phula, poti m'mphepetimo ndi modyekadyeka ndipo mumadzaza mchenga ndi magalasi. Maso akhale kutsogolo, mamita 20 kapena kuposerapo. Chizolowezi choyang'ana pansi pa kawotchi ka njinga ya mu jimu chisiyeni ku jimu komweko. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola mumadutsa mamita opitirira 8 pa sekondi imodzi, ndiye kuwerama masekondi atatu ndi kuyenda mamita 25 mutatsinzina.

Werengani kapalasidwe kanu: kangati bondo lamanja likukwera m'masekondi 15, muchulukitse ndi 4. Pamalo osalala funani 80 mpaka 90 pa mphindi. Mukapeza 60, giya yalemera, tsitsani. Mukamadumphadumpha pa chishalo, giya yapepuka, kwezani. Kenako dzipatseni mphindi 10 zosamva tiki-tiki wa fuliwilo ngakhale kamodzi, kupatula ngati chitetezo chafuna. Msewu ukatsika pang'ono, kwezani giya imodzi kapena ziwiri n'kupitiriza. Ukakwera pang'ono, tsitsani. Ntchito imene mu jimu munkaichita ndi kabatani kolimbitsira gudumu, kuno imachitidwa ndi magiya, ndipo munthu wodziwa amasintha giya kambirimbiri pa kilomita imodzi popanda kuganizira.

Chifukwa chake kaponde kodukizaduka kamatopetsa n'chakuti nthawi iliyonse mukaleka, mphepo ndi kukhuzana kwa matayala ndi msewu zimadya liwiro, ndipo kuti mulibweze muyenera kuponda mwamphamvu kuposa mmene mukanapondera kungolisunga. Kuponda kwamphamvu kobwerezabwereza kumeneko ndi kumene kumawotcha ntchafu. Kuponda kofatsa kosalekeza thupi limakupirira maola.

Mukatopa, m'malo moleka, palasani mopepuka: miyendo izizungulira koma osakankha, tcheni chingokhala chokoka pang'ono chabe. Luso limeneli ndi lofunika kuposa ena onse m'nkhaniyi, ndipo njinga ya mu jimu singakuphunzitseni bwino chifukwa gudumu lija limazunguza miyendo lokha. Kupalasa mopepuka kumasunga magazi akuyenda m'minofu, kumachepetsa liwiro pang'ono popanda mabuleki, ndipo kumakusiyani okonzeka kuponda nthawi yomweyo minibasi ikatulukira mosayembekezeka.

Pali chinanso chimene fili singachite: kusintha giya. Pa njinga za magiya akunja, tcheni chimasamuka pokhapokha chikuyenda chamtsogolo. Mukadina chosinthira muli pa fili, palibe chimene chichitike mpaka mutapondanso, ndipo mukaponda mwamphamvu tcheni chimadumpha ndi phokoso, nthawi zina n'kugwa. Choncho mukamayandikira poima, tsitsani magiya awiri kapena atatu mukupalasa mopepuka, kenako mugwire mabuleki. Mukaiwala, mudzanyamuka pa giya yolemera galimoto zikukuimbirani mahutala kumbuyo. Njinga za magiya a m'kati mwa habu zokha ndi zimene zimalola kusintha mutaima.

Mphepo ikamachokera kutsogolo, monga mwera wa miyezi ya Juni ndi Julaye kwa amene akulowera kumwera m'mbali mwa nyanja, fili iiwaleni. Tsitsani giya, weramani pang'ono, sungani 80 mpaka 90 yomwe ija, liwiro libwere mmene lingabwerere.

Chachinayi: pokhota

Apa mpamene chizolowezi cha mu jimu chimavulaza anthu. Njinga ikakhota imapendekera m'kati mwa kona, ndipo pedulo ya mbali imeneyo ikafika pansi penipeni imatsala pang'ono kukhudza msewu. Ikagunda, tayala la kumbuyo limanyamuka n'kulumphira kunja, ndipo palibe nthawi yokonza.

Ndondomeko yake ndi iyi. Chepetsani liwiro njinga ikadali yowongoka, musanalowe m'kona. Tsitsani giya imodzi kapena ziwiri mukupalasa mopepuka, kukonzekera potuluka. Imitsani mapedulo, ya m'kati ili pamwamba, ya kunja ili pansi: pokhotera kumanzere pedulo ya kumanzere ikhale m'mwamba, pokhotera kumanja ya kumanja. Dinikizani pedulo ya kunjayo ndi kulemera kwanu, ngati mukufuna kuikhomera pansi, chifukwa zimenezi zimamatiza matayala ku msewu. Siyani mabuleki, maso apite kumene mukufuna kutulukira, osati pa dzenje kapena ngalande imene mukuiopa, poti njinga imatsata maso. Njinga ikayamba kuwongoka, yambiraninso kupalasa.

Si kona iliyonse yofuna fili. Kona yotakasuka, imene njinga ikungopendekera pang'ono, palasani n'kudutsa. Pa raundabauti, monga zambirimbiri za mu Lilongwe, nthawi zambiri ndi bwino kupalasabe mofatsa kuti musasiyane kwambiri liwiro ndi magalimoto, bola musapendekere mopitirira. Kumbukirani kuti polowa mumapendekera kumanzere, pozungulira kumanja, potuluka kumanzerenso, ndiye ngati mwathamanga mpaka kufunika fili, pedulo ya m'mwamba iyenera kusinthana kawiri. Mvula ikangotha, m'makona mumakhala mchenga wokokoloka. Pamenepo chepetsani kwambiri musanafike, njinga ikhale yowongoka mmene mungathere, ndipo buleki ya kutsogolo musaikhudze muli pa mchengapo.

Chachisanu: mahampu, maenje ndi njanji

Mapedulo mopingasa, dzukani pa chishalo masentimita ochepa, mawondo ndi zigongono zimeze kugundako. Mabuleki agwireni musanafike ndipo muwasiye tayala lisanakwere hampu, chifukwa tayala lomangidwa limagunda molimba. Mukadutsa mutakhala ndi thupi lonse pa chishalo, chubu chimapanikizika pakati pa limu ndi m'mphepete mwa dzenje n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana, tofanana ndi polumidwa ndi njoka. Njanji idutseni mopingasa ndithu, osati chammbali, makamaka kukanyowa. Pamsewu wafumbi wokhala ndi timizere tokhala ngati malata, zinthu zimatembenuka: kupalasabe pa giya yolemerako pang'ono, matako atapepuka pa chishalo, kumakhazikitsa njinga kuposa fili.

Chachisanu n'chimodzi: pamtsetse

Funso limene ochokera mu jimu amafunsa kwambiri ndi lakuti pamtsetse apalase kapena ayi. Yankho lili m'masamu awiri.

Oyamba ndi a giya. Tayala la njinga ya mpikisano limayenda pafupifupi mamita 2.1 likazungulira kamodzi. Ngati sipuloketi yaikulu ya kutsogolo ili ndi mano 50 ndipo yaing'ono ya kumbuyo ili ndi 11, kupalasa ka 90 pa mphindi kumapereka makilomita pafupifupi 52 pa ola. Njinga ya m'mapiri ya matayala a mainchesi 26, ya mano 42 ndi 11, imathera pa makilomita 43. Njinga ya giya imodzi, ngati zimene amagwiritsa ntchito a kabaza, ya mano 44 ndi 18, imathera pafupi ndi 30. Mukapitirira pamenepo miyendo imangozungulira pachabe, thupi limadumpha pa chishalo, phazi likhoza kuterereka pa pedulo, ndipo njinga imayamba kuyenda mokhotakhota. Mu jimu anthu amanyadira kupalasa ka 120 kapena 130 pa mphindi, koma kumeneko mapazi ndi omangidwa ndipo njinga ndi yokhomeredwa pansi.

Achiwiri ndi a mphepo. Mphamvu yofunika kuboola mphepo imakwera mofulumira kwambiri kuposa liwiro: kuwirikiza liwiro kawiri kumafuna mphamvu yowirikiza kasanu n'katatu. Ndiye mphamvu imene pa chitunda ingakuwonjezereni liwiro looneka, pamtsetse wa makilomita 50 pa ola imangowonjezera pang'ono chabe. Kuwerama n'kubweza zigongono ndi mawondo m'kati kumapindula zambiri kuposa kuponda. Mphamvuyo isungeni, chitunda chikubwera.

Choncho pamtsetse wofatsa, pamene giya ikadakola, palasani. Pamtsetse waukulu, ikani pa fili: mapedulo mopingasa pamalo owongoka, pedulo ya kunja pansi m'makona, matako cham'mbuyo pang'ono, zala ziwiri pa buleki iliyonse nthawi zonse. Ngati handulo yanu ndi yopindikira pansi, gwirani m'munsi, chifukwa mpamene zala zimafinya mabuleki ndi mphamvu zonse ndipo bampu singakuchotseni manja.

Mitsetse yaitali, monga wotsika kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, wa Khwekhwerere pakati pa Dedza ndi Golomoti, wa Chiweta kumpoto, kapena wotsika phiri la Zomba, ili ndi mavuto ake awiri. Loyamba ndi kutentha kwa mabuleki. Mukawagwira pang'ono osasiya kwa makilomita angapo, mabuleki ofinya limu amatenthetsa limuyo mpaka mpweya wa m'chubu kufufuma, ndipo chubu chikhoza kuphulika. Mabuleki a disiki nawo akatentha kwambiri amafooka. Gwirani mwamphamvu kwa masekondi ochepa liwiro litsike, siyani azizire, gwiraninso. Munthu wolemera kapena wonyamula katundu aziima pakadutsa makilomita angapo n'kuyandikiza dzanja ku limu. Ngati silikukhudzika, dikirani. Disiki musaikhudze n'komwe, imawotcha. Dziwaninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ndipo limu lonyowa limayamba latha kuzungulira kangapo mabuleki asanagwire.

Lachiwiri ndi kuzizira kwa miyendo. Mukakhala pa fili mphindi 10, minofu imauma, ndipo chitunda choyamba pansi pa mtsetse chimamveka ngati mwamangiriridwa matumba a simenti. Mankhwala ake ndi kuzunguza miyendo mopepuka pamalo owongoka, masekondi 10 mpaka 15 pa mphindi iliyonse, ngakhale tcheni chisakukoka kanthu. Muzigwiritsanso ntchito mpata womwewo kuika giya yoyenera zimene zili kutsogolo. Mtsetse ukamathera m'chigwa n'kuyamba chitunda, musadikire kuti liwiro lithe. Yambani kupalasa pamene giya yayambanso kukola, kenako muzitsitsa imodziimodzi pamene chitunda chikulimba. Liwiro la pamtsetse likhoza kukukwezani gawo labwino la chitundacho mwaulere, koma anthu ambiri amalitaya chifukwa chochedwa kuponda.

Mitsetse yaikulu imene yatchulidwayi si ya mwezi woyamba. Yambani ndi wa mamita 300 mpaka 500 umene pansi pake mukupaona, muutsike kasanu, ulendo uliwonse mukuchedwetsako pang'ono pogwira mabuleki.

Chachisanu n'chiwiri: pa chitunda

Pa chitunda fili kulibe, ndipo apa mpamene bodza la gudumu lolemera lija limaonekera. Pedulo ikafika pamwamba penipeni ndi pansi penipeni, mwendo sukankha kanthu. Mu jimu gudumu limakudutsitsani pamalo awiri akufawa osazindikira. Pa chitunda liwiro la njinga limatsika pang'ono nthawi iliyonse pedulo ikafika pamenepo, ndiye kapalasidwe kamakhala ka mdidi-mdidi. Kuti muwongole, pedulo ikamayandikira pamwamba ikankhireni chamtsogolo, ikafika pansi ikokereni cham'mbuyo ngati mukupukuta matope ku nsapato. Tsitsani giya chitunda chisanakulemereni, ndipo pa kasekondi kosinthirako fewetsani kuponda kuti tcheni chisamuke bwino. Sungani 70 mpaka 80 pa mphindi. Ndi mano 34 kutsogolo ndi 28 kumbuyo, kupalasa ka 80 ndi makilomita 12 okha pa ola, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Mukafuna kuimirira, kwezani giya imodzi kapena ziwiri kaye, dzukani pamene pedulo yamphamvu ikuyamba kutsika, ndipo lolani njinga izipendekera uku ndi uku pansi panu. Ya mu jimu sinkapendekera, ndiye munazolowera kugwedeza thupi. Kuno thupi likhale pakati, igwedezeke ndi njinga. Mukafika pamwamba musaleke pomwepo. Pondaninso kakhumi, mukukweza giya, njinga itenge liwiro, kenako mupume.

Chachisanu n'chitatu: pagulu

Kuyenda kumbuyo kwa mnzanu kumachepetsa mphepo kwambiri, moti pa liwiro labwino mumasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a mphamvu zanu. Chifukwa cha chimenecho mumapezeka mukumuyandikira mosafuna. Mukaleka kupalasa mwadzidzidzi kapena kugwira mabuleki, wa kumbuyo kwanu amachita chimodzimodzi mowirikiza, ndipo wa kumapeto kwa mzere ndi amene amagwa. Palasani mopepuka, kapena wongolani msana pang'ono kuti mphepo ikugwireni pachifuwa. Poyamba siyani mpata wa njinga yathunthu, ndipo tayala lanu la kutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala la kumbuyo la mnzanu. Mukakhala patsogolo pa gulu pamtsetse wofatsa, palasanibe, chifukwa a kumbuyo, poti mphepo sikuwagwira, amathamanga kuposa inu ngakhale ali pa fili. Poimirira pa chitunda njinga imachedwa pang'ono ngati ikubwerera m'mbuyo, choncho dzukani mukuponda mwamphamvu ndipo chenjezani wa kumbuyo ndi mawu.

Kuwerengera nthawi, madzi ndi masabata

Ola limodzi mu jimu ndi mphindi 60 zopalasa. Ola limodzi pamsewu muli maloboti, makona ndi mitsetse, ndiye mphindi zopalasa zimachepa, koma kuponda kwake kumakhala kokwera ndi kotsika kwambiri. N'chifukwa chake simuyenera kuyerekeza manambala a mbali ziwirizi. Liwiro limene kawotchi ka mu jimu kamaonetsa silidziwa mphepo kapena chitunda. Ngati mukufuna ntchito yofanana ndi ola la mu jimu, onjezerani mphindi 15 mpaka 30 malinga ndi mmene msewu ulili, kapena sankhani msewu wathyathyathya wopanda poima. Muyeso wosavuta ndi mpweya: pa ulendo wamba muzitha kulankhula chiganizo chathunthu osabanika.

Mu jimu thukuta limachita kudontha, ndiye mumakumbukira kumwa. Pamsewu mphepo imaliumitsa ndipo mumaona ngati simukutuluka thukuta. Imwani mamililita 500 mpaka 750 pa ola, ndipo mu Okutobala ndi Novembala nyamukani dzuwa lisanakwere. Ulendo wopitirira mphindi 90 tengani nthochi kapena mbatata yophika. Kutulutsa botolo ndi chifukwa chinanso chovomerezeka choikira pa fili, masabata oyamba: pamalo owongoka, opanda galimoto pafupi, dzanja lotsala ligwire pafupi ndi pakati pa handulo, maso kutsogolo. Mukazolowera muzimwa mukupalasa mopepuka.

Sabata yoyamba ithereni pabwalo, maulendo atatu a mphindi 30. Yachiwiri pitani pamsewu wathyathyathya, mphindi 40 mpaka 60, muli ndi zigawo ziwiri kapena zitatu za mphindi 10 zosaleka kupalasa. Yachitatu onjezerani zitunda zing'onozing'ono ndi mitsetse yaifupi. Gulu libwere sabata yachinayi, ngati mukutha kale kuyang'ana kumbuyo paphewa lamanja njinga osakhota, ndi kupereka chizindikiro ndi dzanja limodzi mukupalasa. Khosi, manja ndi matako zidzapweteka miyendo isanatope, poti pamsewu ziwalo zimenezi zimagwira ntchito imene mu jimu sizinkagwira. Muzisintha pogwira handulo ndi kudzuka pa chishalo masekondi ochepa pakatha mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Chipewa choteteza mutu chimangidwe moti pakati pa lamba ndi chibwano pangolowa zala ziwiri. Njinga ya mu jimu musaitaye: nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi imene idzakusungireni mpweya, ndipo zigawo zolimba za mphindi 4 kapena 5 zimachitika bwino kumeneko, kopanda mbuzi zodumpha msewu.